Ophunzira Opanda Mitu

Kwathu tonse ndife anthu a ntchito zamanja. Achimwene anga ndi kalipentala, amakhoma mabedi ndi zitseko. Ine ndine telala. Alamu anga, akazi a achimwenewo, amachapa ndi kusita zovala za anthu. Sukulu tinangoilawa, tisanaimve kukoma n'komwe tinali titaisiya. Ndiye tsiku limene tinamva kuti mwana wamkazi wa achimwene wapeza malo ku koleji, palibe anagwira ntchito. Achimwene anasiya chitseko cha munthu chili pakati n'kuyamba kukhoma bokosi loti mwana adzalongeremo zovala popita.

Bokosilo lisanathe, mwana anatiuza kuti kolejiyo sapitako. Aphunzitsi azikhala kwawo, iye kwathu, azikumana pa intaneti. Achimwene anafunsa kuti nanga belu aziliza ndani, akajomba aziona ndani, akamasinza azimudzutsa ndani. Atamva kuti palibe, anapukusa mutu, anabwerera kushedi kwawo n'kuphwasula bokosi lija. Matabwa omwewo anapangira katebulo.

Mwanayo timamutcha Kachete. Si chipongwe, ndi mmene alili. Ali wamng'ono unkatha kumukhomera m'nyumba osadziwa kuti muli munthu. Ukamufunsa kanthu amayamba wayang'ana pansi, kenako n'kukupatsa liwu limodzi, nkhani yatha. Koma mutu ali nawo, ndipo ine ndimamukonda kuposa ana ena onse a achimwene, ngakhale zimenezi sindinena pagulu.

Kwa achimwene sowo ndi hamala sizipuma, netiweki nayonso imachita kusakidwa, munthu mpaka kukwera pamulu wa utuchi. Choncho Kachete anabwera kudzakhala ndi ine, ndi laputopu yakale imene abale tinathandizana kumupezera. Kuseri kwa shopu yanga kuli kachipinda komwe ndimasungira mipukutu ya nsalu ndi matumba a zidutswa, khomo lake ndi katani yokhuthala. M'menemo mumakhalanso zidole zanga zitatu zoyesera zovala. China n'chachimuna, chotambalala pachifuwa, chimavala jekete imene mwini wake sanabwerenso kudzatenga. China n'chachikazi, chonenepa bwino. Chachitatu n'cha msinkhu wa mwana. Zonse zilibe mitu, zilibenso manja, pakhosi pamangokhala kachitsulo. Katebulo ka achimwene tinakaika pafupi ndi zenera, zidole tinazikankhira kukhoma.

Miyezi yoyamba Kachete anaphunzira monga ankachitira ku sekondale. Ankakhala mowongoka, kutsegula vidiyo ya mphunzitsi, n'kumakopera chilichonse chotuluka pakamwa pa munthuyo mpaka vidiyo kutha. Makope anadzaza. Koma sukulu yopanda mpanda ili ndi mavuto ake. Kasitomala akalowa n'kuona mtsikana wakhala, amamutuma madzi akumwa. Inenso sindinali wosalakwa, zipi ikandithera ndinkangoitana. Foni nayo inali pambali, anzake akale akumutumizira zoseketsa. Mayeso oyamba atafika anagwa, ndipo anagwa zenizeni. Akoleji anamuuza kuti ali ndi mwayi umodzi wobwereza phunzirolo, akalepheranso malo ake apita kwa wina.

Apa m'pamene ndinaona umphawi wathu weniweni. Mwana wa dokotala akalephera amafunsa bambo ake patebulo. Kachete akanafunsa ndani? Bambo ake anati azilimbikira. Mayi ake anati azipemphera. Ine ndinati azidya mokwanira. Tonse tinanena zoona, koma palibe anamuthandiza. Iye anatiuza kuti akuphunzira zaumoyo wa anthu, za mmene matenda amafalira ndi mmene amapewedwera, ife n'kumavomera ndi mitu ngati tamva. Pa makalasi amene onse amalowa nthawi imodzi, ndinkamva anzake akulankhula Chingerezi chothamanga, kudulana mawu ndi mphunzitsi, kuseka. Wathuyu sanatsegulepo pakamwa ngakhale tsiku limodzi. Zinkandipweteka mtima.

Ndinkayesa alira sabata yonse. Analira tsiku limodzi basi. M'mawa mwake anaima pafupi ndi makina anga, maso pansi monga mwa nthawi zonse, n'kundipatsa malamulo m'shopu yanga yomwe. Anati m'mawa azindithandiza kusita ndi kusoka mabatani, koma tikangodya chamasana iye kulibe mpaka nditatseka. Wina akamufuna ndizinena kuti ali kusukulu. Anatenga foni yake, anaiika m'chitini cha mabatani, anavundikira, n'kundipatsa chitinicho kuti ndiike pashelefu yapamwamba pomwe iye safikira. Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yake ndinangolandira. Palibe anamuuza zimenezi. Belu limene achimwene ankafunsa lija, mwana anadzipangira yekha.

Anasinthanso kamvedwe ka mavidiyo. Ankamvetsera pang'ono, kuimitsa mphunzitsi, kutseka laputopu, n'kuyesa kukumbukira zomwe wamva. Zikakana ankabweza munthuyo mmbuyo kuti anenenso. Komabe panali chinachake chosakhazikika. Tsiku lina masana anatuluka m'kachipindamo nkhope ili gwa, n'kuyamba kundifotokozera za tizilombo toyambitsa matenda. Ine n'kuti ndikuyesa diresi laukwati pa mkwatibwi amene ananenepa pambuyo pomuyeza, mayi ake ataima pambali akundiimba mlandu, mapini ali m'kamwa mwanga. Ndinangoloza ndi chibwano kukatani kuja n'kunena cham'mano kuti, "Kawauze ali m'menemowo, alibe chochita." Zinali nthabwala. Kachete anandiyang'ana kanthawi, n'kubwerera mkati.

Kuyambira tsiku limenelo m'kachipinda muja munayamba kumveka mawu. Ine makina akamalira sindimva zambiri, ndipo ndinkayesa ndi mavidiyo aja. Koma kuseri kwa khoma kuli saluni, khomalo ndi la pulaiwudi, ndipo mayi wa saluniyo ali ndi makutu oti akhoza kumva nyerere ikutsokomola. Iyeyo ndiye anabwera kudzanditsina khutu kuti mwana wanga akulowetsa mwamuna m'kachipinda muja. Anati wamva yekha, mawu a mtsikana kenako mawu a chibambo, akufunsana ndi kuyankhana masana onse. Ndinamuuza kuti mwamuna ameneyo ngati alipo ndiye amalowa ndi pazenera loti ngakhale mphaka amachita kudzipinda. Anachoka atakwiya, n'kukasuzumira pamng'alu wa pulaiwudi kuti andigwire bodza.

Mwamuna sanamuone. Anaona Kachete atafoletsa zidole zitatu zija pamzere, choko changa cholembera nsalu chili m'manja, akulankhula nazo. Akatero n'kutembenuka, kukulitsa mawu ngati bambo, kudzifunsa funso, n'kutembenukanso kudziyankha. Mayi wa saluni sanadzandiuzenso ine. Anauza amene ankawaluka tsitsi, ndipo mukudziwa kuti nkhani ikalowa m'saluni imatuluka ndi mutu uliwonse. Pofika Loweruka msewu wonse unkadziwa kuti mwana wa kalipentala sukulu yamuzunguza mutu. Ena anaonjezera kuti zidolezo zimayankha.

Alamu anga anafika akulira. Inenso nkhawa inali itandigwira kale, sindinama, chifukwa mwana amene sanalankhulepo ziganizo ziwiri motsatizana ukamva kuti akulankhula masana onse, umadabwa ndithu. Madzulo titatseka shopu ndinamufunsa mosazungulira kuti amachita chiyani ndi zidole zanga. Anachita manyazi mpaka kubisa nkhope m'bulauzi.

"Ndimawaphunzitsa, azakhali," anatero. "Ndikalephera kuwafotokozera m'Chichewa, ndiye kuti inenso sindinamve. Adona amamva msanga. Koma Abwanawo ndi ouma mutu."

Ndinaseka mpaka misozi. Adonawo anali chidole chachikazi chija. Anandiuzanso kuti mafunso amene amafunsa Abwana, chidole cha jekete chija, ndi amene iye amaopa kufunsa pakalasi kuti anzake angamuseke. Akawaika m'kamwa mwa Abwana sachita nawo manyazi, chifukwa wopusayo sakhala iyeyo. Apa kuseka kunandithera. Ndinaona kuti mwanayu, posowa womufunsa, wadzigawa pawiri, wina wofunsa wina woyankha, ndipo ndinamunyadira kwambiri.

M'mawa mwake ndinathamangira kushedi kwa achimwene ndi nkhani yabwinoyi. Ndinawapeza akupala thabwa. Ndinati mitima ikhale m'malo, mwana ali bwinobwino, zidolezo amangoziphunzitsa. Pulena inaima. Achimwene anandiyang'ana n'kufunsa pang'onopang'ono ngati ndanena kuti amaphunzitsa zidole. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndi zija zopanda mitu. Ndinati inde, ndipo china anachitcha Abwana, akuti n'chouma mutu. Nditangotero ndinadzimvera ndekha mmene mawuwo akumvekera. Ndinapita kukazimitsa moto, koma ndinausonkhezera.

Achimwene si munthu wankhanza, ndi munthu wamantha pa ana ake. Pa siteji ya mabasi pafupi ndi shedi yawo pamakhala bambo wina wotola mapepala, amene amalankhula Chingerezi ndi mapolo amagetsi, ndipo aliyense amanena kuti mabuku ndiwo anamutero. Kaya n'zoona kaya ayi, achimwene amamuona tsiku lililonse. Anandiuza kuti mwana wawo sadzafika pamenepo iwo ali moyo. Anati abwera kudzatenga laputopuyo, aikhomere m'bokosi la zida, mwana abwerere kunyumba akapumitse mutu. Za koleji zidzaoneka mtsogolo, ndipo zikapanda kuoneka, palibe anafa chifukwa chosapita ku koleji.

Mayeso obwereza aja anali sabata yotsatira. Ndinawakumbutsa kuti mwana akapanda kulemba, malo apita. Anati malo apite, mutu utsale. Ndinati safunsa anadya phula, bwanji osamufunsa mwini wake. Anati wamisala ndi liti anavomera kuti wapenga. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo ndinanena mawu ena amene mlongo sayenera kunena kwa mkulu wake anyamata a pashedi akumva. Pamapeto tinagwirizana chimodzi. Abwere masana, aime kuseri kwa katani, amvetsere okha mwana asakudziwa. Akamva misala, laputopuyo ndiwanyamulira ndekha mpaka kushedi.

Ndinalakalaka kumuchenjeza Kachete, koma ndimamudziwa. Akanadziwa kuti bambo ake akumvetsera, pakamwa pakanatsekeka, n'kukhala duu pakati pa zidole choko chili m'manja, ndipo chithunzi chimenecho ndiye chikanamaliza zonse. Ndinangomusiya. Tsikulo ndinasoka mkono wa shati mozondoka n'kusomolanso.

Anafika titangodya chamasana. Achimwene anali mu ovolosi yawo, utuchi uli m'tsitsi, m'manja atanyamula thumba lopanda kanthu. Ndinaliona thumbalo mtima n'kundiwawa, chifukwa munthu wobwera kudzamvetsera sanyamula thumba. Alamu anali pambuyo, maso atatupa kale. Mayi wa saluni naye anatulukira, ati akubwereka lumo. Ndinamuuza kuti saluni yopanda lumo itsekedwe, ndipo anabwerera, ngakhale ndikudziwa kuti anakangomata khutu kupulaiwudi. Ndinatseka chitseko chakumsewu, ndinazimitsa makina, tonse atatu n'kuima pafupi ndi katani.

Poyamba tinamva mphunzitsi wa mu laputopu akulankhula Chingerezi. Anadulidwa pakati pa chiganizo, anabwezedwa, ananenanso zomwezo, anadulidwanso. Kenako laputopu inatsekedwa, mpando unakhukhuluzidwa, ndipo panamveka mawu amene achimwene anali asanawamvepo chibadwire cha mwana wawo. Anali mawu omasuka, okwera bwino, a munthu amene ali pakhomo pake.

"Takulandirani nonse. Abwana, mwavalanso jekete yomweyo? Chabwino. Lero tikambirana chifukwa chake mankhwala ena amasiya kugwira ntchito."

Alamu anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba. Achimwene anakulunga thumba lija m'dzanja mwamphamvu. Ine ndinasuzumira pampata wa katani. Kachete anali atakhoma kukhoma pepala lalikulu lodulira masitayilo, atajambulapo timadontho tambirimbiri ndi choko. Anafotokozera ophunzira ake kuti munthu akadwala matenda ena, m'thupi mwake mumakhala tizilombo tochuluka, tina tofooka tina tolimba. Akayamba kumwa mankhwala, tofooka timafa msanga, munthu n'kumva bwino. Akasiyira pomwepo poganiza kuti wachira, totsalato ndi tolimba tokhatokha, ndipo timaswana. Polankhula ankafufuta madontho ena ndi chala, otsalawo n'kuwazunguliza.

Kenako anatembenuka, anakweza mapewa, n'kutulutsa mawu a chibambo aja. Alamu anandigwira mkono. Abwana anafunsa kuti, pepani aphunzitsi, kodi si thupi la munthuyo limene lazolowera mankhwala, monga munthu amazolowera tsabola? Kachete anatembenukanso kuti ayankhe. Anayamba, anakakamira, anayambanso, mawu n'kumuthera. Achimwene anasuntha phazi kulowera kukatani, ine n'kuwagwira ovolosi.

"Funso lanu ndi labwino, Abwana, ndipo ine sindikudziwa," anatero Kachete. "Musachoke."

Anakhala pakatebulo, anatsegula laputopu, anasakasaka malo ake m'vidiyo, anamvetsera. Anatsegulanso buku lina la mu laputopu momwemo n'kuwerenga milomo ikugwedera. Zinatenga kanthawi ndithu, ife titaima ngati akuba m'shopu yanga yomwe. Ine pamenepo ndinali nditaiwala za achimwene. Ndinkangoyang'ana msana wa mwanayo. Panalibe womuona, panalibe womukwapula kapena womuyamikira, akanatha kulumpha funsolo n'kupitirira. Koma anakana kunamiza chidole.

Atadzuka anauza Abwana kuti alakwitsa, koma alakwitsa mwanzeru. Thupi la munthu si limene limazolowera, tizilomboto ndi timene timasintha. Anaona kuti mawu amenewa sakukwanira, anayang'ana kudenga, kenako anaseka yekha. Anati bambo ake amakonza mabedi akale, ndipo anthu ena amabweretsa bedi lodzaza nsikidzi. Mwini bedi amapopera mankhwala pamwamba pokha, nsikidzi zofooka zimafa, iye n'kugona bwino masiku angapo n'kumati zatha. Koma zija zabisala m'mabowo a misomali, zimene mankhwala anangozinunkhiza, zimatsala, zimaswana, ndipo ana ake mankhwala omwe aja amangowaseka. Anafunsa Abwana kuti pamenepa chazolowera ndi bedi kapena nsikidzi. Abwana anavomera ndi mawu awo aakulu kuti ndi nsikidzi.

Ndinacheuka kuyang'ana achimwene. Nkhope yawo inali itasintha, makwinya a pamphumi anali a munthu amene akuyeza thabwa, osati a munthu wamantha. Alamu nawo anali atasiya kulira, ngakhale dzanja linali likadali pakamwa.

Kachete anauza kalasi kuti tsopano ndi nthawi ya funso lovuta, ndipo wodziwa akweze dzanja, pasakhale kulankhula mwachisawawa. Anafunsa kuti pali mwana wamng'ono amene sanamwepo mankhwala amenewa chibadwire. Wadwala, apita naye kuchipatala, amupatsa mankhwalawo, koma sakugwira. Zatheka bwanji, poti iye sanasiyirepo mankhwala panjira? Atafunsa anapinda manja n'kudikira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amadikira choncho nthawi zonse, kuti ayambe wayankha mumtima asanayankhe pakamwa. Zidole zinali chete. Pamsewu panadutsa njinga yamoto.

"Wagona pabedi la eni ake ameneyo."

Mawuwo anatuluka pambali panga. Achimwene sanakweze mawu, anangolankhula ngati ali kushedi kwawo. "Nsikidzi zake ndi zomwe zija zinapulumuka. Zangosamukira kwa iye."

Choko chinagwa pansi n'kuduka. Achimwene nawo anadzidzimuka ngati wayankha ndi munthu wina. Panalibenso chobisala, ndiye anakankha katani n'kulowa, ife pambuyo. Kachete anali atabwerera kukhoma, maso pansi, mapewa atagwa. Mphunzitsi uja anali atasowa, panatsala mwana wathu wa masiku onse. Anaona thumba m'manja mwa bambo ake, anayang'ana laputopu, ndipo ndinaona kuti wamvetsa chimene abwerera. Anangosuntha pang'ono n'kuima pakati pa bambo ake ndi katebulo.

Achimwene anayang'ana pepala la madontho lija nthawi yaitali. Anayang'ana makope ataunjikidwa pawindo, kenako zidole zitatu pamzere wake. Anafunsa, osayang'ana munthu, ngati iwo akhoza funso lija. Kachete anavomera ndi mutu. Anafunsanso ngati akunena zoona kapena akungowasangalatsa. Apa mwana anadzutsa maso pang'ono n'kunena kuti akhoza ndithu, tizilombo tolimbato timachoka kwa munthu wina kupita kwa wina, ndipo funso limeneli ndi limodzi mwa amene iye analephera pamayeso oyamba.

Achimwene anatsokomola. Ndinawadziwa kuti akufuna polowera, chifukwa kwathu amuna sapepesa ndi pakamwa. Anapita pamene panali Abwana, anawakumbatira m'chiuno, anawanyamula n'kukawaimika pakona pafupi ndi matumba a zidutswa. Anakoka mpukutu wa nsalu ya yunifolomu n'kuugoneka pamalo pomwe panali chidolecho. Thumba lija analipinda kanayi, analiyala pampukutupo kuti utuchi usadetse nsalu yanga, n'kukhalapo, pakati pa Adona ndi kachidole kamwana, mawondo ali m'mwamba.

"Ameneyu mukungomuvutitsa, alibe mutu," anatero. "Pitirizani, aphunzitsi."

Chibadwire sindinamvepo achimwene akunena kuti inu kwa mwana wawo. Alamu anayambanso kulira, koma kulira kwina. Ine ndinatola zidutswa za choko n'kumupatsa Kachete chachikulupo. Anachilandira, anatembenukira kupepala, anayesa kulankhula koma mawu anakana. Anayesanso. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, kenako anayamba kukwera, ndipo pofika pa chiganizo chachitatu anali atabwerera mwakale. Anayamba kufotokoza chifukwa chake si bwino kugawira mnzako mapiritsi otsala.

Sanapite patali achimwene anamudula. Anati pamenepo ali ndi funso, chifukwa iwo mapiritsi otsala amasunga m'bokosi la misomali, ndipo anyamata a pashedi akadwala amawapatsa. Kachete anaima choko chili m'mwamba. Anawayang'ana bambo ake m'maso, mwina koyamba m'moyo wake.

"M'kalasi muno, bambo, wofunsa amayamba wakweza dzanja."

Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana akazi awo. Kenako anapukuta chikhatho pa ovolosi, dzanja lija la zipsera za sowo, n'kulikweza.